Chiuno Changa Chinaphunzitsa Madokotala

Mdzukulu wanga wa ku tauni uja anabwera mwezi watha kudzatsanzika. Akuti udokotala anamaliza koma sunamukwanire, ndiye akupita ku chipatala chachikulu cha kunja, kumene madokotala amakaphunziranso, kuti akadziwe kujambula mafupa ndi kuwerenga zithunzi zake. Ndinamufunsa ngati kumeneko amaphunzirira pa anthu amoyo. Anaseka, amvekere agogo izi simungazimve. Ndinangoti chabwino, pita, basi ingakusiye. Atachoka ndinaitanitsa kope ndi pensulo. Ine sukulu ndinalekera pa sileti, zimenezo sindikana, koma madokotala awiri anaphunzira ntchito yomweyo pa thupi langa lino, amayi ake a mwanayu asanabadwe.

Inali nthawi ya nkhondo ya Ajeremani. Ife a kuno ambiri sitinaimenye nkhondoyo, tinangoisenza pamutu. Ankatitcha atengatenga. Kwathu kwenikweni ndi cha ku Bembeke, kwa Angoni, kumene mkazi ankamulowola ndi ng'ombe. Ine ng'ombe ndinalibe, ndinali ndi miyendo ndi pakamwa basi, choncho ndinakakwatira chikamwini kufupi ndi Mayani. Kumeneko n'kumene anandipeza a boma, khasu lili m'manja, mwana wathu woyamba akukwawa.

Anatitsitsira kummwera kukatenga katundu, n'kutibwezanso njira yomweyo. Anzanga anapatsidwa mabokosi olemera, ena anayi pa mtengo umodzi. Langa linali lopepuka, ndipo tsiku loyamba ndinkawaseka. Tsiku lachiwiri ndinaleka. M'bokosimo munali chinthu chagalasi, chokulungidwa m'thonje, ndipo kapitawo ankayenda kumbuyo kwanga ndi chikoti kuti ndisathamange, ndisalumphe mtsinje, ndisatule mwamphamvu. Mwamuna wathunthu kuyenda ngati namwali wotuluka m'tsimba, kuchokera kuchigwa mpaka kuno kumapiri. Khosi linauma ngati mtengo.

Tinafika pa kachipatala kena ka mishoni, m'tsinde mwa phiri la Dedza. Masiku amenewo paini anali asanadzalidwe. Munali miyala, masuku ndi mphepo imene inkalowa m'nthiti ngati ili ndi mlandu ndi iwe. Unali mwezi wa chisanu. Tinkadziwa kuti katunduyo ndi wa kumpoto, kumene kunali nkhondo, koma dokotala wamkulu amene ankamuyang'anira anati makina ojambula mafupawo sapitirira mpaka anyamata ake awiri ataphunzira kuwagwiritsa ntchito. Akuti kumpoto kulibe nthawi yophunzitsa munthu.

Dokotala wamkuluyo anali wadazi, wosakonda kuyankhula. Manja ake ndiwo ankandiopsa: khungu ngati la ng'azi, zikhadabo zong'ambika, zala ziwiri zomangidwa nsanza masiku onse. Chinyanja ankachidziwa pang'ono, chongotumira anthu. Anyamata akewo anali madokotala kale, a mapepala awo, koma pamaso pake ankaima ngati ana a sukulu ya mkaka. Wina anali wamtali, wofatsa, wochedwa kuyankha. Winayo anali wamfupi, wachangu, makutu ake ankafiira akangokwiya kapena kuchita manyazi. Ameneyu mpeni ankaudziwa, ndipo ankaukonda. Panalinso mphunzitsi wa pamishonipo, mkulu wa mpingo, wovala jekete, amene ankatimasulira mawu.

Atamasula mabokosi, anzanga anagawidwa ntchito. Ena kutunga madzi, ena kupukusa injini imene inkapereka moto ku makinawo, ena kutseka mazenera a kachipinda kena ndi mabulangete kuti mukhale mdima wotsukiramo zithunzi. Wadazi uja anatiimika pamzere, natiyang'ana ngati akugula mbuzi. Atafika pa ine anandigwira nthiti, nayankhula kwa mphunzitsi.

"Akuti iwe ndiwe wowonda bwino," anatero mphunzitsi. "Kuwala kwawo sikuvutika kudutsa."

"Muwauze kuti ndi ufa wa boma wandikonza chonchi. Akafuna ena owonda bwino angodikira sabata."

Sanamasulire. Munthu ameneyu ankasefa mawu ngati mayi akusefa ufa, ndipo zimenezi zinadzandivutitsa pambuyo pake.

Kuyambira tsiku limenelo ine ndinasanduka buku. Wadazi ankati munthu sangadziwe fupa lodwala asanaloweze fupa labwino. Ndiye m'mawa uliwonse ankandigoneka pa tebulo, pansi panga n'kuika galasi lokulungidwa m'pepala lakuda, pamwamba n'kulendeweka chinthu chija ndinasenza, chooneka ngati chikho. Injini ikalira, chikhocho chinkayaka mobiriwira n'kumathetheka ngati inswa pa chiwaya, m'nyumba n'kumanunkha ngati pamene pagwa mphenzi. "Usapume. Usagwedezeke." Mawu amenewa onse atatu anawaphunzira msanga. Dzanja silinkachedwa. Koma msana ndi chiuno, mayo. Unkagona mpaka ntchentche kukutera pamphuno, kuyendayenda, kutopa, n'kuchoka yokha.

Anzanga ankati ndadya bwino, ntchito yogona. Sankadziwa. Katundu wa pamutu umatula, n'kuwongola khosi. Koma kugona chouma pa galasi lozizira mwezi wa chisanu, mpweya uli m'khosi, azungu atatu akukangana pamwamba pako ngati kulibe munthu, kumatopetsa mpaka m'mafupa omwe akufunawo. Ubweya wa pantchafu unathothoka. Khungu linkayabwa ngati ndagona pa chitedze. Ndikayang'ana manja a wadazi, sindinkafunsa zambiri.

Chithunzi chikatsukidwa, wadazi ankachiimika pa zenera, anyamata ake n'kuima kumbuyo. Ankaloza ndi pensulo n'kufunsa. Wamakutu ankayankha pensulo isanafike n'komwe. Wamtali ankayamba wakanda chibwano. Akalakwa, wadazi sankakalipa, ankangoti ayang'anenso, iye n'kukhala pampando kudikira ngakhale tiyi azizire. Ine ndinkasuzumira ndili pakona. Tsiku loyamba kuona nthiti zanga ndinapeza kuti m'kati ndine wooneka bwino kuposa kunja. Tsiku lina ndinagona ndi kabudula wa boma, ndipo batani lake lachitsulo linatuluka pa chithunzi, lozungulira bwinobwino, ngati ndalimeza. Kuchokera pamenepo anandiuza kuti ndizibwera ndi nsalu yokha. Nsalu sankamuvula munthu. Ankanyadira kuti kuwala kwawo kumadutsa nsalu ngati madzi m'dengu.

Magalasi ojambulirawo anali ochepa, ochokera kutali, ndipo ena anasweka m'njira. Lamulo linali lakuti limodzi la phunziro m'mawa, limodzi pa wodwala aliyense, basi. Kiyi wa bokosi lake ankakhala m'khosi mwa wadazi.

Kenako wadazi anagwa ndi malungo. Anagona m'nyumba mwake akunjenjemera, anyamata n'kumapita pakhomo kukapempha galasi limodzilimodzi. Masiku omwewo, dzuwa litapendeka, ndinaona machila akukwera njira ya ku Mayani, anthu anayi atanyamula, kumbuyo kukubwera mayi wachikulire. Mayendedwe ake ndinawadziwa ali patali. Anali apongozi anga. Ndinathawira kuseri kwa nkhuni.

A masiku ano mwina simudziwa. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana, sankadyera pamodzi, sankayankhulana maso ndi maso. Mukakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Ine chikwatirireni nkhope ya apongozi anga ndinkaidziwa mwa mbali, ngati mwezi wongotuluka kumene.

M'machilamo munali akazi anga. Anaterereka pa mwala kudambo, mtsuko uli pamutu, n'kugwa chokhala. Kuyambira pamenepo sankatha kuima, ndipo pokodza ankalira. Kumudzi anamva kuti pamene pali amuna awo pali makina oona m'kati mwa munthu, ndiye anati tiyeni komweko.

Wamakutu anasangalala. Chiyambireni anali atajambula asilikali ndi atengatenga okhaokha, mkazi ayi. Asisitere anali otanganidwa ndi odwala kamwazi ku nyumba ina, ndipo akazi anga anagwira nsalu yawo ndi manja awiri, osalola mwamuna wachilendo kuikhudza. Wamakutu anati palibe kanthu, kuwala kudutsa. Anawasindikiza pamimba pamwamba pa nsalu, iwo n'kukuwa. Anawagoneka pa tebulo langa lija. Ankanjenjemera ndi ululu ndi mantha, moti chithunzi chinatuluka chosaoneka bwino, ngati phiri m'nkhungu.

Koma zinthu zina zinaoneka. M'munsi mwa mimba munali timadontho tambirimbiri, tozungulira, tounjikana mokhota. Anyamata awiri aja anaima pa zenera nthawi yaitali. Wamakutu anatsegula buku lake, nafanizira, makutu ali psuu ndi chimwemwe. Mphunzitsi anabwera kudzandiuza.

"Akuti akazi ako ali ndi miyala m'chikhodzodzo. Yambiri. Kugwa kuja kwangoigwedeza. Mawa masana awang'amba aichotse."

Ndinayandikira zenera. Sindine dokotala, ndipo sindinadziwe chikhodzodzo kuti chili pati. Koma timadonthoto tinkatsatana mwa njira yake: ting'onoting'ono, kenako kamodzi kakakulu, ting'onoting'ono, kenako kakakulu. Zala zanga zinkadziwa mndandanda umenewo. Inali mikanda ya m'chiuno, imene anamkungwi anawamanga, ina ndinawonjezera ndine.

Mwina mukuti akanaiona okha pa tebulo la opaleshoni. Ayi. Asisitere anali atalamula kale kuti wodwala asambe m'mawa ndi kuchotsa chilichonse pathupi. Apongozi akanaidula mwakachetechete kuseri kwa bulangete n'kuibisa pansi pa mphasa, monga mwa ulemu. Dokotala akanapeza mimba yoyera, n'kuing'amba kufuna miyala imene kulibe. Ndipo masiku amenewo wong'ambidwa pamimba, kubwerera kumudzi ndi miyendo yake kunali kwamwayi.

Ndinamukokera mphunzitsi pambali.

"Aphunzitsi, si miyala iyo. Ndi mikanda."

Anayang'ana uku ndi uku ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Iwe, ukunena chiyani?"

"Mikanda ya m'chiuno. Kodi kwanu amayi savala?"

"Usatchule akazi anga. Ife zimenezo tinasiya."

"Chabwino, munasiya. Koma kawauzeni azunguwo."

"Ine ndiime pamaso pa azungu ndi asisitere, ndizinena za m'chiuno mwa mkazi wa mwini? Pakamwa pomwe ndimaphunzitsira katekisimu? Komanso iwe ukudziwa kuposa makina?"

Ndinamuumiriza mpaka anapita. Zimene ananena sindinazimve, koma wamakutu anabwera akumwetulira, nandisisita paphewa, n'kundipatsa fodya. Ndinadziwa kuti ufa wasefedwanso: wauzidwa kuti mwamuna akuopa mpeni. Ndinayesa ndekha. Ndinaloza chithunzi, n'kuzunguliza chala m'chiuno mwanga. Iye anapukusa mutu, nagwira chala changa, n'kuchiyendetsa kuchokera pa mchombo kutsika, kundionetsa kuti sadula mozungulira, adula chotsitsa. Anali munthu wachifundo ndithu.

Ndinakhala pa mulu wa nkhuni, mutu uli m'manja. Kumutengera wamakutu mikandayo m'manja sikukanathandiza. Akanati inde, mikanda ndi iyi, miyala ndi iyo, zikukhudzana bwanji. Mnyamata uja anali atangophunzira kukhulupirira galasi, ndipo munthu amene wangophunzira chinthu samva za wina. Galasi lachiwiri la wodwala yemweyo lamulo silinkalola. Kwa wadazi sankalowetsako munthu.

Wamtali ndiye anadzandipeza, ali ndi mphunzitsi. Akuti wadazi wamva za opaleshoniyo, ndipo walamula ali chigonere kuti mpeni usanagwire ntchito, phunziro la m'mawa likhale la chiuno: ajambule changa, achiike pambali pa cha wodwalayo, aone chabwino ndi chodwala. Akuti iye mwini ayesetsa kudzuka. Ndiye ndisadye kanthu m'mawa, ndibwere ndi nsalu yokha.

Dzuwa lisanalowe ndinapita kuseri kwa nyumba ya odwala aakazi. Akazi anga anawagoneka pakhonde kuti aothe kadzuwa kotsala. Ndinakhosomola ndili patali. Apongozi anafunda nsalu kumutu, natembenukira kukhoma. Ine ndinanjuta pakona, msana ndi umene unayang'ana kwa iwo. Akazi anga anali pakati ngati mlatho.

"Uwafunse amuna ako," anatero apongozi, "akufuna chiyani kumalo kwa akazi."

"Amake mwana, muwauze amayi kuti ndabwera kudzabwereka katundu."

"Katundu wanji?" anafunsa akazi anga. Mawu awo anali otsika, otopa.

Ndinafotokoza za batani la kabudula. Ndinafotokoza za timadontho. Pofika pa liwu lenilenilo lilime linakana, pakuti apongozi anali pomwepo, khutu lili tcheru pansi pa nsalu. Ndinati, "Zija zimalira mukamatembenuka pamphasa."

Kenako akazi anga anati, "Inu abambo ake, mulibe manyazi? Pamaso pa amayi?"

"Pamaso ayi. Ndawafulatira."

"Ndiye mukufuna mukaionetse kwa azungu? Kuli bwino andidule."

"Sindikaonetsa. Ndikavala."

Anayesa kudzuka, ululu n'kuwabweza pansi. "Mwapenga. Amayi, anthuwa awazunguza mutu ndi moto wawo uja."

"Muwauze amayi kuti mawa akujambula chiuno changa. Miyala ya mwana wawo ikapezeka mwa ine, mwina atidula tonse awiri, mwina asiya."

Ndinkadikira kuti apongozi anene zoti ndikatenge khasu langa ndi mphasa ndibwerere kwathu ku Bembeke. Anakhosomola.

"Uwafunse, ikawakwana?"

"Amayi, inunso?"

"Ndati uwafunse. Chiuno chawo ndi cha udzudzu. Ikakapulumuka n'kugwera pansi pamaso pa anthu, manyazi ndi athu."

"Muwauze amayi kuti ndikamanga kawiri."

Ndinamva bulangete likukokedwa, kenako kulira kwa lumo pa ulusi. Apongozi anatunganso mikanda imene inapulumuka, mosafulumira, akudandaula kuti maso awo atha. Pomaliza kansengwa kovundikira masamba kanafika pambali panga, kakukankhidwa ndi ndodo.

"Uwauze amuna ako, akabweze yonse. Ndaiwerenga."

M'mawa kunali nkhungu yoti sungaone mbuzi pakhomo. Ndinakavalira kuthengo. Abale anga, akazi amapirira. Zinthu zija zinali zozizira ngati matalala, ndipo zinkatsina tiubweya tonse timene moto wa azungu unandisiyira. Poyenda zinkalira. Ndinayenda pang'onopang'ono, miyendo motalikirana, mnzanga wopukusa injini n'kundifunsa ngati ndatuluka chithupsa. Ndinati inde, chachikulu.

Wadazi anabwera atafunda bulangete, nkhope yachikasu, akuyenda mogwira khoma. Anakhala pampando. Ine ndinakwera pa tebulo mosamala, n'kukankhira mikandayo m'munsi pamene inakhala pa akazi anga. Injini inalira. "Usapume. Usagwedezeke." Tsiku limenelo ndinagona bwino kuposa masiku onse.

Anapita nalo galasi ku mdima. Ine anandiuza ndikhale pomwepo. Atabwera analiimika pa zenera, pambali pa la akazi anga.

Wamakutu anayandikira mpaka mphuno kukhudza galasi, nabwerera, nayandikiranso. Changa chinali chooneka bwino, poti ine kugona chouma ndinali katswiri: timadontho tonse tili mbee, ting'onoting'ono, kenako kakakulu. Wamtali anakanda chibwano, nayang'ana kudenga, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka. Wadazi anayang'ana zithunzi ziwirizo, kenako anatembenuka kuyang'ana ine.

"Iwe. Ukukodza bwino?"

"Bwino kwambiri, bwana."

"Mimba kupweteka?"

"Njala yokha, bwana."

"Masula nsalu."

Apa ndiye sindinakonzekere. M'mutu mwanga ndinkaganiza kuti akaona, adzazindikira okha, ine n'kutuluka ndi ulemu wanga. Ndinayang'ana mphunzitsi. Iye ankayang'ana nsapato zake. Pa zenera lina panali mitu ya anzanga a injini, amene ankakonda kusuzumira. Ndinamasula.

Kuseka kunayambira panja. Kunatsika mpaka kumtsinje kwa otunga madzi, ndipo ndikukhulupirira kuti pofika madzulo kunali kutafika ku Mayani. Mphunzitsi anatuluka, akuti wakumbukira ntchito ina kusukulu. Wamtali anakhala pansi penipeni. Makutu a mnzake aja ndinkaopa kuti atuluka magazi.

Wadazi yekha sanaseke. Anatuma munthu kukamubweza mphunzitsi, ndipo anamuuza kuti amasulire zonse, kuti ifenso timve. Akuti galasi silidziwa kunja ndi m'kati. Limangosonkhanitsa zonse zimene kuwala kwakumana nazo, za pakhungu, za m'mimba, za pamsana, n'kuziunjika pamodzi ngati zili malo amodzi. Akuti dokotala ayambe waona munthu ndi maso ake, makina pambuyo. Ndipo chinthu ukachiona kutsogolo, uchionenso cha m'mbali usananole mpeni. Anavula kiyi m'khosi, napatsa wamtali kuti akatenge galasi lina.

Ndinayesa kuti zatha. Kunali kuyamba. Anandigoneka cham'mbali, mikanda ili pomwepo, nsalu ili pansi, kuti anyamata aone mmene miyala ija ikutulukira kunja kwa thupi. Kenako wamakutu aloze yekha. Kenako wamtali aloze. Kenako andizungulire, aone pamene ulusi wadutsa, ayerekeze ndi chithunzi. Dzuwa linafika pamutu ndili chigonere, wosadya, mano akugundana, nditavala za akazi anga, madokotala akulemba m'mabuku. Katundu yense amene ndinasenza pa nkhondo ija, palibe amene ananditopetsa ngati m'mawa umenewo.

Wamakutu ndimupatse zake. Sanakwiye nane, ndipo sanabisale. Iye mwini anapempha galasi lina la akazi anga, nakaitana asisitere kuti akhale pambali pawo ndi kuwagwira dzanja kuti asanjenjemere. Chithunzi chinatuluka choyera, chopanda mwala ndi umodzi womwe. Wadazi anafunsa kuti tsono ululuwo ukuchokera kuti. Wamtali anayang'ana, nati sakuona kanthu. Wamakutu nthawi imeneyi sanafulumire. Anatenga chithunzi changa chakale cha chiuno, nachiika pambali, maso uku, maso uku, mpaka ine ndinayamba kusinza. Kenako analoza ndi nsonga ya pensulo kamzere kakang'ono ngati tsitsi, pa fupa la kutsogolo. Mwa ine munalibe. Fupa la akazi anga linali litang'aluka.

Wadazi anangogwedeza mutu, n'kubwerera kukagona.

Mankhwala ake, akuti, panalibe. Kugona basi, osasinja, osatunga madzi, osalima, mpaka fupa ligwirane lokha. Apongozi atamva anauza mwana wawo kuti zimenezo akanatha kunena ndi iwo omwe kumudzi, popanda injini. Koma ananena motsitsa mawu.

Mikanda ndinabweza m'kansengwa komweko. Apongozi anaiwerenga, naitsuka ndi phulusa kawiri. Akazi anga anati ndaitanula ulusi. Mphunzitsi sanandiyankhulenso mpaka tinachoka, ndipo anzanga anandipatsa dzina limene ndinayenda nalo mpaka kumpoto ndi kubwera nalo. Sindililemba muno. Amene ankalidziwa onse anamwalira, ndipo ndinawadikira nthawi yaitali.

Akazi anga anachira, ngakhale kuti miyezi ya chisanu ankatsimphina pang'ono moyo wawo wonse. Mimba ija, imene inatsala pang'ono kung'ambidwa, inadzabereka ana ena asanu, ndipo inapita kumanda yopanda chipsera.

Iwo ndi apongozi anachoka pachipatalapo patapita masiku owerengeka, chifukwa mphasa yawo inkafunika kwa odwala ena. Anthu a machila anabwera atatu, wachinayi atagwidwa ndi a boma panjira. Ndinakapempha kapitawo, nandilola kuperekeza mpaka pamtsinje, osapitirira. Tinaima pabwalo, aliyense akuyang'ana kwake.

"Uwauze amuna ako agwire kutsogolo," anatero apongozi. "Ine ndili m'mbuyo. Asacheuke."

Ndinagwira kutsogolo. Njira inali yoterera, ndipo akazi anga ankabuula tikaponda mwala. Chapakati anayamba kuseka, kuseka kowawa, akugwira pachiuno.

"Mukuseka chiyani, amake mwana?"

"Palibe. Ndikungoona mmene mukuyendera. Chiuno chazolowera."

Kumbuyo ndinamva apongozi akukhosomola nthawi yaitali.

Pamtsinje tinapeza mnyamata wa kumudzi kwawo akudikira, nalandira mtengo paphewa langa. Anawoloka. Ine ndinakhala pa mwala nditafulatira, monga mwa lamulo, kumvetsera mapazi awo m'madzi mpaka anasiya kumveka. Ndinafuna kugona pomwepo pa udzu, ngakhale pang'ono. Koma kumtunda injini inali itayamba kale kulira, ndipo phunziro la tsiku limenelo linali la bondo.